Moto wa "alamu zisanu" ndi moto wotani, nanga kuno ku Lusaka amatumiza bwanji magalimoto?

Make Tiyamike: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso koma musandiseke. Mwana wanga uja wa ku New York wanditumizira kavidiyo, nyumba yosanja ikuyaka msewu wachitatu kuchokera pomwe amakhala. Iye ali bwino, Mulungu ndi wamkulu. Koma wowerenga nkhani akungobwereza kuti five-alarm, five-alarm. Ndiye kuti belu lalira kasanu? Kapena moto wabuka malo asanu? Chionereni kavidiyoko mtima uli m'mwamba.

Chimwe wa minibasi: Amayi, ndiye kuti eni nyumba anagona tulo tofa nato. Alamu yoyamba osamva, yachiwiri osamva, mpaka yachisanu 😂

Woyang'anira gulu: Iwe Chimwe, nyumba za anthu zikupsa iwe n'kumaseka? Amalume a Jere muli pafupi? Nkhani yanu iyi, munakalambira mu ntchito yozimitsa moto.

Malume Jere: Ndilipo, ndimathirira repu kuseri kwa nyumba. Make Tiyamike, mtima m'malo. Moto sunabuke malo asanu ayi. Chomwe akuwerenga pamenepo ndi maulendo amene mkulu wa ozimitsa moto waitanitsa thandizo ali pamalopo. Kumbukirani kumudzi. Nyumba ikagwira moto mwini wake amakuwa, a nyumba zoyandikana n'kuthamanga ndi zidebe. Akaona kuti wawakanika, walumphira pa nkhokwe, amatuma mnyamata kwa amfumu, ng'oma n'kulira, mudzi wonse dzuku. Ukalowa kutchire amaitana ndi a tsidya la mtsinje omwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa anzathuwo zonsezi zinalembedwa kale moto usanabuke. Kuitana koyamba kubwera magalimoto akutiakuti, kwachiwiri akutiakuti ochokera ku masiteshoni akutiakuti. Mkulu uja sataya nthawi kutchula galimoto imodziimodzi. Amangoti pa wailesi "alamu yachiwiri", olandira mafoni n'kudziwa kale oti awadzutse.

Make Tiyamike: Ndiye kasanu ndi chimoto chachikulu zedi, eti amalume?

Malume Jere: Kawirikawiri inde, koma nambalayo ikukuuzani kuchuluka kwa anthu ndi magalimoto omwe aitanidwa, osati kutalika kwa malawi. Kamoto kochepa m'nyumba yogona nkhalamba zosatha kuyenda kangaitanitse anthu ambiri kuposa shedi ya matabwa yopanda munthu yomwe ikuyaka mpaka kuonekera ku Chilanga. Kukatentha kwambiri kapena kukazizira kwambiri amawonjezanso, poti anthu amatopa msanga.

Tiya ku Bronx: Amayi, ndinakuuzani kuti ndili bwino, inu mwafika nazo mpaka pagulu 😅 Moni amalume. Zomwe mwanenazo n'zoona. Kuno munthu akaimba kuti nyumba ikuyaka, poyamba amatumiza magalimoto atatu opopa madzi, awiri a makwerero ndi mkulu mmodzi. Oyamba kufika akaona kuti ndi moto weniweni, osati mphika wongopserera pa sitovu, amatchula nambala yawo ya 10-75, magalimoto n'kuwonjezeka pomwepo. Alamu yachiwiri anthu amapitirira pang'ono 100. Yachisanu amafika pafupifupi 200, magalimoto opitirira 40. Moto uja wa mu Januwale 2022 kuno ku Bronx, womwe unapha anthu 17, unali wa alamu zisanu. Unayamba ndi kachotenthetsera m'chipinda ka magetsi, koma chinamaliza anthu ndi utsi. Chitseko cha nyumba yomwe moto unayambira chinatsala chotsegula, utsi n'kudzaza m'masitepe momwe anthu amathawira.

Make Tiyamike: Wamva wekha. Chotenthetsera chakocho uzizimitsa pogona. Ndanenera pamaso pa anthu.

Tiya ku Bronx: Ndamva amayi.

Aphunzitsi Banda: Komatu Make Tiyamike simunaphonye kwenikweni ndi belu lanulo. Mawuwa anachokera ku mabelu enieni. Mu 1852 mzinda wa Boston unaika timabokosi m'misewu, tolumikizidwa ndi waya wa telegalafu. Nthawi imeneyo foni kunalibe, inabwera mu 1876. Munthu akaona moto amathamangira pa kabokosi n'kupukusa chogwirira, kabokosiko n'kutumiza nambala yake ku ofesi yaikulu, kumeneko n'kuliza mabelu a mu mzinda kuti aliyense adziwe chigawo chomwe kwabuka moto. M'kupita kwa nthawi bokosi lililonse linakhala ndi khadi yakeyake: likalira koyamba apite awa, kachiwiri awa, kachitatu awa. Lero makhadi aja ali mu kompyuta koma nzeru yake ndi yomweyo. Chenjezo langa ndi limodzi: alamu yachitatu ya mzinda uwu si yofanana ndi yachitatu ya mzinda uwo. Aliyense amalemba malinga ndi zomwe ali nazo. A ku Chicago amawerenga mwawomwawo, amati 2-11, 3-11 mpaka 5-11. Katauni kakang'ono alamu yachitatu ikhoza kukhala magalimoto omwe ku New York amatuluka pa foni yoyamba.

Chimwe wa minibasi: Aphunzitsi mwatsegula kalasi. Belu la bureki lilira nthawi yanji?

Naphiri wa salaula: Ine za ku America sindizidziwa, ndikudziwa za pa City Market. Pa 4 Julayi 2017, Lachiwiri la holide. Foni inalira kudakali kamdima, mnzanga wa benchi loyandikana akungolira, mawu osamveka, ndinangogwirapo liwu loti msika. Ndinamanga chitenje pamwamba pa chovala chogonera, patapata wina wanga wina wa mwana. Ndisanafike n'komwe pa Lumumba fungo linandichingamira. Salaula akamapsa amanunkha ngati matayala, nayiloni uja. Malata anali atapindika ngati masamba ouma a nthochi. Loweruka lake ndinali nditangotsegula mabelo awiri, la majekete ndi la mabulangete poti inali nyengo yozizira, ndalama zake za chilimba, anzanga khumi anali atandisonkhera mwezi umenewo. M'phulusa ndinatolamo mazipi ndi mabatani achitsulo basi. Ndinawaika m'thumba, sindidziwa kuti ndimati ndikachite nawo chiyani.

Funso langa amalume ndi ili. Ndinaona ndi maso angawa galimoto yafika ndi sayirini, yathira madzi kanthawi kongokwana kuwiritsa tiyi, kenako yatembenuka, ulendo. Anthu anakuwa kuti abwera opanda madzi. Mpaka lero zimandidya mumtima. N'zoona kuti amanyamuka thanki ili theka?

Nangozo ku London: Pepani asisi. Za mazipizo zandiliza.

Malume Jere: Pepani kwambiri Naphiri. Ndikuyankheni monga munthu amene wagwirapo payipi mpaka manja kuchita matuza. Thanki ya galimoto yozimitsa moto si damu. Zambiri zimanyamula malita 2,000 mpaka 4,000. Tinene 3,000. Amenewo ndi madiramu 15 aja timasungira madzi mipopi ikauma. Payipi imodzi yaikulu imalavula malita 400 kapena 500 pa mphindi imodzi yokha. Tsegulani ziwiri muwerengere nokha. Mphindi zitatu, zinayi, thanki gwa, yauma. Ndiye za kuwiritsa tiyizo munaona bwino, koma sikuti inabwera theka. Inabwera yodzaza, moto n'kumwa yonse.

Madzi a m'thanki ntchito yake ndi kugwiriza moto pamene anzako akulumikiza payipi ku haidiranti, mpopi uja wa pansi m'mbali mwa msewu. Haidiranti ikapezeka ili ndi mphamvu, galimoto siisunthanso, imangokhala pampu mpaka kuche. Ikasowa, kapena ikamangodontha ngati mpopi wa m'bafa, galimoto imasanduka mtsikana wa kuchitsime: thira, thamanga, katunge, bwerera. Ndipo moto sudikira munthu. Pomwe unazimitsa pamayakanso iwe ukadali pa mzere wa magalimoto.

Apa ndi pomwe tasiyana ndi kwa Tiya. Kumeneko haidiranti ili pafupifupi pa ngodya iliyonse, choncho mkulu akawonjeza alamu kwenikweni akuitana manja. Kwathu kuno mkulu akafika n'kuona kuti zathina, choyamba kukuwira pa wailesi ndi bauza, galimoto ya thanki yonyamula madzi. Mawu oti alamu yachiwiri, yachitatu simudzawamva pa nkhani za ZNBC, koma masitepe ake alipo. Imayamba galimoto imodzi ndi mkulu wa shifiti. Kenako bauza. Kenako otsala onse pa siteshoni, ndi omwe ali pa ofu amawadzutsa kunyumba. A ZESCO adule magetsi, poti madzi ndi waya wamoyo sizimwerana. Apolisi akankhe anthu. Zikapitirira pamenepo amapempha asilikali a ndege a ZAF, ozimitsa moto a ku bwalo la ndege, ndi makampani omwe ali ndi mabauza awo.

Naphiri wa salaula: Madiramu 15 okha? Ine ndimayesa muli madzi othirira msika wonse wa Soweto. Nanga bwanji osatiuza pomwepo? Anthu akanamva.

Malume Jere: Ungauze ndani pakati pa chikhamu chokwiya, mayi? Ine ndili ndi chipsera paphewa la kumanzere. Komboni ina, dzina ndisunge. Nyumba inayamba ndi kandulo, eni ake ndi oyandikana nawo analimbana nayo ndi zidebe mwina theka la ola, palibe anaimba foni, aliyense amayesa mnzake waimba. Foni itafika kwa ife tinatuluka pa Church Road nthawi yomweyo. Kufika kumeneko, njira yolowera wina anamangapo mpanda wa mabuloko kudya theka la msewu, mbali inayi ngalande. Galimoto inaima pomwepo. Tinatsitsa mapayipi n'kumalumikiza imodziimodzi, kuthamanga nawo pakati pa zimbudzi ndi zingwe zoyanikira zovala. Ife timawerenga nthawi kuyambira pomwe foni yalira, eni mudzi amawerenga kuyambira pomwe moto wayamba. Kwa iwo tinachedwa ola lathunthu. Ndikuwerama kuti ndimange payipi yomaliza ndinangomva phwa, theka la njerwa. Sindinamuone woponya. Nyumba ija inali itapita kale, tinapulumutsa ziwiri za m'mbali, koma za ziwirizo palibe anazitchula.

Chimwe wa minibasi: Eee pepani amalume, anthu sitithokoza. Koma ine maganizo anga ndi awa. Foni ikangolira tulutsani magalimoto onse nthawi imodzi, moto muupanikize udakali mwana. Zoti mkulu akaone kaye kenako aitane ena, si kutaya nthawi kumeneko?

Malume Jere: Mphwanga, minibasi zonse za mu tauni zitapita ku Matero, wa ku Chawama akwera chiyani?

Chimwe wa minibasi: Ayenda wapansi 😂 Chabwino ndamva.

Malume Jere: Usathawe, funso lako ndi labwino ndipo ndi pomwe pagona mutu wa ntchito yonseyi. Wokhala pa foni ali ndi mzinda wonse m'manja, osati moto umodzi. Ukatumiza zonse ku Kanyama kenako ngozi ya basi ichitike pa Great East anthu atapanikizika m'zitsulo, udzatumiza chiyani? Achiwiri ndi mafoni abodza. Ana osewera, oledzera, ena ongoona utsi wa zinyalala. Ukamatulutsa siteshoni yonse pa foni iliyonse, mafuta atha mwezi usanafike pakati. Ndiye pamafunika muyeso: foni ya mtundu uwu galimoto imodzi, ya msika kapena chipatala kapena fakitale zingapo nthawi yomweyo osadikira. Pamenepo ndikugwirizana nawe, msika si malo otumizako imodzi kuti ikaone kaye.

M'mizinda ikuluikulu muli chinthu china chomwe anthu sachiona pa vidiyo. Alamu ikakwera, masiteshoni a pafupi ndi moto amatsala opanda kanthu. Ndiye amatenga magalimoto a kutali, osawatumiza ku moto ayi, koma kukakhala m'masiteshoni opanda kanthuwo. Zili ngati kusuntha nkhomo pa nsolo. Moto umodzi wa alamu zisanu umasuntha magalimoto a mzinda wonse.

Tiya ku Bronx: Zoona amalume, pa siteshoni ya pafupi ndi ine pano paima galimoto ya nambala yachilendo.

Zulu wa ku Joni: Nanga a ku bwalo la ndege bwanji sangobwera msanga? Magalimoto awo ndi zilombo, ndinawaona pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda.

Malume Jere: Zilombo ndithu, madzi ambiri ndi thovu lozimitsira mafuta. Koma bwalo la ndege lili ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Kukula kwa ndege zomwe zimatera kumayendera limodzi ndi magalimoto ndi madzi omwe ali chire pabwalopo, ndipo ayenera kufika kumapeto kwa msewu wa ndege pasanathe mphindi zitatu. Akachotsapo ambiri, ndege zazikulu siziloledwa kutera. Ndiye sangangoti tiyeni tonse ku tauni. Amapereka chomwe angathe kusiya. Komanso magalimoto amenewo anapangidwira pabwalo poyera, mu Chibolya sangakhote.

Nangozo ku London: Amalume kuno amachita mosiyana pang'ono, ndipo ine ndimaona ngati njira yakuno ndi yomveka bwino. Sawerenga maalamu. Mkulu amangotchula chiwerengero cha magalimoto omwe akufuna onse pamodzi. Akati "make pumps ten" ndiye kuti magalimoto opopa madzi akwane 10, kuwerengera ndi omwe afika kale. Poyamba pali chiwerengero chokhazikika cha malo alionse, nyumba wamba mwakuti, yosanja mwakuti. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, amatiphunzitsa kuti poimba tizinena msanga kuti muli anthu osatha kuyenda okha, chifukwa mawu amenewo amasintha zomwe atumize.

Usiku wa moto wa nyumba ya Grenfell, 14 Juni 2017, ndinali pa shifiti, tinaonera pa TV ya m'chipinda chopumira. Nyumba ya nsanjika 24, moto unayamba ndi firiji pa nsanjika yachinayi. Foni yoyamba inalira 00:54, anapita magalimoto anayi. Kenako nambala zinangokwera ngati mitengo ya ufa: 6, 8, 10, 15, 20, 25, itangopitirira 2 koloko anali pa 40. Anthu 72 anatisiya. Moto unathamangira kunja kwa nyumba m'zokutira khoma zija anaziika pokongoletsa. Chichitikireni zimenezo, London inasintha, nyumba yosanja ikayaka amayamba ndi magalimoto asanu ndi ya makwerero aatali.

Aphunzitsi Banda: Onani masiku ake. Grenfell 14 Juni, City Market 4 Julayi, chaka chimodzi, kusiyana masabata atatu osakwana. Moto umapita kumene kwatsala tchire, sufunsa kuti dziko ndi lolemera.

Zulu wa ku Joni: Poti mwatchula 2017, tinene ndi za magalimoto 42 aja boma linagula pa madola 42 miliyoni. Galimoto imodzi miliyoni imodzi! Anthu anayenda ndi zikwangwani mpaka ku nyumba ya malamulo.

Woyang'anira gulu: A Zulu, zinachitikadi ndipo tonse tikuzikumbuka, koma gulu lino tinapangana. Ndale ku gulu lina lija. Chisankho chathachi anthu asanu anatuluka pagulu pano chifukwa cha zomwezi.

Malume Jere: Za mtengo ndisiyira eni ake. Ndinene za ntchito zokha. Magalimoto 42 akumveka ambiri, koma anagawidwa m'makhonsolo a dziko lonse, sanaunjikane mu Lusaka. Ndipo galimoto payokha siizimitsa moto. Imafuna anthu anayi kapena asanu ophunzitsidwa, pa shifiti iliyonse, usana ndi usiku, kutanthauza kuti galimoto imodzi imadya anthu ochuluka kuposa omwe mumawaona atakwera. Ife tinakaphunzira ku Kabwe, ndipo munthu sasanduka wozimitsa moto sabata imodzi. Imafuna mafuta, matayala, makaniko wodziwa pampu. Koposa zonse imafuna pokatunga. Mundipatse magalimoto awiri ndi haidiranti yamphamvu, inu mutenge khumi opanda pokatunga, tione amene ayambe kupita kunyumba.

Zulu wa ku Joni: Chabwino a woyang'anira, ndabweza. Koma amalume za madzizo ndi zoona ngakhale kuno. Mu Sepitembala 2018 nyumba ya Bank of Lisbon pakati pa Johannesburg inayaka m'mwamba, ozimitsa moto atatu anafa pa motowo, madzi m'mapayipi a nyumbayo anali osakwanira. Kenako Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, anthu 76, ambiri obwera ngati ife, a ku Malawi analimo. Ndinadutsa m'mawa wake popita ku ntchito, mabulangete ndi mashiti ali lendelende m'mawindo momwe anthu amatsikira. Chomwe chimandidabwitsa ine, pa moto waukulu umaona ozimitsa moto ena atavala zonse, mabotolo kumsana, angoima pambali manja m'chiuno. Anthu amatukwana. Amadikira chiyani?

Malume Jere: Amadikira anzawo omwe ali m'kati. Amenewo ndi gulu lopulumutsa opulumutsa. Denga likagwa kapena wina akasochera mu utsi, pafunika anthu omwe sanatope, mpweya uli wodzaza, olowa nthawi yomweyo. Ukawapatsa payipi kuti anthu asatukwane, tsoka likagwa ulibe wotuma. Ku New York galimoto imodzi ya makwerero imapita pa moto ndi ntchito yokhayo, kuima n'kumadikira.

Botolo la mpweya lija amati ndi la mphindi 30, koma munthu akukwera masitepe ndi katundu wopitirira makilo 20 pathupi, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo, mphindi 20 sizikwana bwino likuliza kale kherere wochenjeza. Pakhomo pamaima munthu ndi bolodi, amalemba dzina, nthawi yolowa, ndi nthawi yoti utuluke. Ukatuluka umakhala pansi, kumwa madzi, thupi lizizire. Ndiye payipi imodzi yokha m'kati imafuna magulu atatu: lina lili m'kati, lina likudikira kulowa, lina likupuma. Chulukitsani ndi mapayipi asanu ndi limodzi muone komwe anthu 200 a Tiya akupita. Akulu nawonso amachuluka, poti munthu mmodzi sangamve mawu a magulu makumi awiri pa wailesi imodzi. Amagawana nyumba, uyu kutsogolo, uyu kuseri, uyu padenga, aliyense ndi magulu ake anayi kapena asanu, onse n'kumayankha kwa mmodzi. Mkulu wa udindo woposa akafika amalandira ntchito, koma salandira asanauzidwe zonse ndi amene anayamba.

Chimwe wa minibasi: Nanga nyumba yaitali ija ya Findeco itayaka, Mulungu aletse, makwerero amafika pamwamba?

Malume Jere: Safika, ndipo si kuno kokha. Makwerero ambiri a pagalimoto ndi mamita 30, nsanjika khumi zikakhala zambiri. Findeco ili ndi zopitirira 20. Nyumba zotere moto wake amalimbana nawo m'kati, wapansi m'masitepe. Muli payipi yachitsulo yokwera m'khoma kuyambira pansi mpaka pamwamba, galimoto imapopera pansi, anyamata n'kulumikiza yawo nsanjika ya m'munsi mwa moto. Payipi imeneyo ikakhala yoboola kapena wina anagulitsa zotsekera zake za mkuwa, mwagwa nayo. Akuluakulu mukukumbuka Society House pa Cairo Road, inapsa mu 1997 n'kukhala chigoba chakuda zaka zambirimbiri isanakonzedwe.

Make Tiyamike: Ndimaikumbuka, timaigwiritsa ntchito polozera anthu njira, "mukafika pa nyumba yopsa ija mukhote."

Woyang'anira gulu: Amalume, ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, makandulo ndi mbaula zili m'nyumba iliyonse, ena agula gasi osadziwa n'komwe kutseka kwake. Tiuzeni zonena poimba foni, ndizipachika pamwamba pa gulu.

Malume Jere: Nambala ndi 993. Imbani moto ukangooneka, zidebe zibwere pambuyo, ndipo imbani inuyo, musayese kuti wina waimba. Wolandira foni saona chilichonse, maso ake ndi pakamwa panu, ndipo zomwe munene ndi zomwe zimuuze kuti atulutse galimoto imodzi kapena zitatu ndi bauza. Musati "moto ku Mtendere" n'kudula. Mtendere ndi dziko. Tchulani sukulu, tchalitchi, chigayo, ndi msewu womwe galimoto yaikulu ingadutse, osati wachidule womwe inu mumayenda wapansi. Nenani chomwe chikupsa, nyumba yogona kapena shopu ya penti kapena matayala. Nenani ngati muli munthu m'kati, ndi angati, chipinda chiti. Ngati muli botolo la gasi nenani, limenelo ndi bomba. Kenako tumani mnyamata akaime pa tala awakodole. Foni musazime, akhoza kuimbanso. Mafuta ophikira akayaka mu poto musathire madzi, vundikirani ndi chivundikiro n'kuzimitsa sitovu.

Ndipo inu a pamsewu, mukamva sayirini patukani.

Chimwe wa minibasi: Apa ndiulule machimo. Ine ndimapatuka ndithu, koma ikangodutsa ndimaimamatira kumbuyo mpaka pa Kabwe roundabout, mzere wonse ndadumpha 🙈

Malume Jere: Tinkakuonani pa galasi. Tsiku lina idzaima mwadzidzidzi, ndipo kumbuyo kwake ndi chitsulo chokhachokha ndi matani a madzi. Komanso ya m'mbuyo ikubwera, bauza ija, umakhala waitsekera ndiwe.

Naphiri wa salaula: Amalume, haidiranti mukunenayo imaoneka bwanji? Pomwe ndikugulitsira panopa pali chivundikiro chachitsulo pansi, chaching'ono kuposa cha suweji. Mayi wina amaikapo tebulo la tomato, akuti pamenepo mpolimba miyendo siimira m'matope.

Malume Jere: Chikhoza kukhala chomwecho, chikhozanso kukhala cha vavu ya madzi wamba. Palani dothi muone zilembo. Mukaona FH ndi imeneyo. Mukauze a komiti ya msika, iwo auze ozimitsa moto adzaitsegule aone ngati ikutuluka madzi. Mayi wa tomatoyo musakangane naye, tebulo lingosunthira pambali mapazi atatu.

Tiya ku Bronx: Amayi, alengeza kuti moto augonjetsa. Magalimoto ambiri abwerera, atsala ochepa olondera kuti usayakenso. Ndikupita kukagona, kuno ndi usiku.

Make Tiyamike: Chotenthetsera.

Tiya ku Bronx: Ndazimitsa amayi 😅

Naphiri wa salaula: Mawa ndinyamula kakhasu. Chimwe, undidikire pa siteji 6 koloko, ndipo usanditsate sayirini ndili m'kati.